Ngodya za Chofunda cha Kabatani

9 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wanga Kabatani, achimwene ndi alamu. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti okalamba amene ndimawanyamula kuntchito sakupepuka ayi.

Amayi, khalani pansi musanapitirize kuwerenga. Mapepala a mwana atuluka! Andilola kuti abwere adzakhale nane. Envulopu yake ndinakaitsegulira m'chipinda chochapira, ndipo ndinalira mpaka mnzanga wina anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Zaka zisanu ndi ziwiri si masewera. Ndinamusiya mano akutsogolo ataguluka, lero mukuti akuvala nsapato zanu.

Koma mapepalawa ali ndi malire. Akapanda kulowa m'dziko muno pofika kumapeto kwa Sepitembala, zonse zifa, tidzayambirenso poyamba. Ine sindingabwere kudzamutenga, tchuthi changa chinathera kuthamangira mapepala omwewa. Mwamwayi mnzanga amene ndimagwira naye ntchito pa nyumba yosamalira okalambayi akubwera kumeneko mu Meyi kudzaona abale ake. Timangomutchula kuti Mayi Wamtali, mukadzamuona simudzafunsa chifukwa chake. Wavomera kuti pobwerera adzatenge mwana.

Ndasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri. Chake n'chaching'ono koma chili ndi windo loyang'ana kumsewu, ndipo ndagula bedi ndi tebulo lowerengera. Mundiuze mtundu umene amaukonda, ndikufuna ndigule makatani. N'zamanyazi kuti mayi azifunsa zimenezi, koma sindikudziwa.

Mundiyankhe msanga. Iye akuti chiyani? Wasangalala?

Ndine mwana wanu,
Mayi wa Kabatani


29 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ife kuno tadzuka, kaya iwe ndi msana wakowo. Uzipinda mawondo ponyamula, ndinakuuza kalekale.

Kalata yako inandipeza ndili pa makina, ndipo nditaiwerenga ndinasokera mkono wa diresi la kasitomala mozondoka. Ndakondwa. Unapita kukavutika chifukwa cha mwana ameneyu, akuyenera kubwera.

Kabatani atamva anangofunsa kuti, "Kodi kumeneko sukulu amayenda pansi?" Kenako anapita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Usadandaule, ndi mmene alili, zake zimaphikira m'kati. Mtundu amakonda wobiriwira, koma wakuda uja, osati wothobwa m'maso.

Paja umati kumeneko kumazizira mpaka makutu kuwawa. Ndiye ndayamba kumusokera chofunda cha zigamba. Ndatsitsa thumba lija la pamwamba pa kabati. Mwatuluka yunifolomu yake yoyamba, malaya amizeremizere a malemu bambo ako, diresi lako lamaluwa lija unalikana kuti likukuonetsa ngati sofa, ndi zotsala za makasitomala a zaka zonsezi. Ndapezamonso kachitini ka mabatani kamene ankasewera nako akukwawa, kaja kanamupatsa dzina. Pakati ndiika bulangeti lopyapyala, kunsi nsalu imodzi yofewa. Masana ndikusoka za anthu, ndikaweruka ndikulumikiza zigamba. Kabatani ndiye akudula, ndipo amadula mowongoka kuposa iwe, amene unkagwira sizasi ngati ukufuna kuphera njoka.

Kulumikiza zigamba si ntchito, ngakhale achimwene ako angathe. Ntchito ili kumapeto, pa mpendero. Chofunda chimayamba kutha m'mphepete, chifukwa ndi mmene munthu amakoka akazizidwa, ndiponso ndi mmene mumakwekwereza pansi. Ndiye ndidula nsalu yolimba chopingasa, ndilumikize ikhale lamba mmodzi wamtali, ndimupinde pawiri, ndimuzungulize mbali zonse. Kutsogolo ndisoka ndi makina, kumbuyo ndi manja. Ngodya ndiye zimafuna munthu wodekha. Zikapotoka, chofunda chonse chimaoneka ngati chasokedwa mumdima.

Pofika Meyi chikhala chitatha. Mdzukulu wanga sakwera ndege ndi chinthu cholendewera ulusi.

Mayi ako


24 Epulo

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji nonse? Kalata yanu yandiseketsa. Diresi lija linali loipa, Amayi, vomerani. Pa chofunda mwina lipeza ntchito.

Zikomo chifukwa cha chofundacho, koma musadzipanikize nacho. Mabulangeti kuno ali mbwee m'sitolo, ndipo m'nyumba muli chotenthetsera. Chikapanda kutha, chidzabwera ndi munthu wina. Chachikulu ndi mwana.

Mayi Wamtali anyamuka sabata yamawa. Ndamupatsa kachikwama, muli mankhwala anu opaka mawondo, masingano amene mumawakonda aja, ndi juzi loti mwana adzavale m'ndege. Mapepala onse ali m'envulopu yakhaki, achimwene awaone kaye. Kusukulu mukatsanzike, mutenge kalata yosonyeza kalasi imene ali.

Makatani ndagula, obiriwira akuda. Ndawapachika ndekha nditakwera pampando, ndipo ndikaweruka ndimalowa m'chipindamo n'kungokhala pabedi ngati wopusa. Muuzeni Kabatani andilembereko, ngakhale pang'ono. Chaka chino sindinaone zolemba zake.

Ndine mwana wanu,
Mayi wa Kabatani


21 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Mayi Wamtali anabwera. Ndi munthu wabwino. Katundu wafika, zikomo.

Mwana sanapite. Mpendero sunathe. Mbali imodzi yokha. Ngodya zikuvuta. Sangapite nacho chotero. Adzabwera chikatha.

Usakwiyire mwana. Ndine. Pepa zolemba, cholembera chikuvuta.

Mayi ako


5 Juni

Amayi,

Moni ndikupereka chifukwa munandilera kutero, koma mtima wanga suli bwino.

Ndinapita kubwalo la ndege ndi jekete latsopano m'manja. Uthenga umene Mayi Wamtali anatumiza kuntchito sunandipeze. Anthu anatuluka, ena akukumbatirana, ine khosi lili m'mwamba kusuzumira. Kenako ndikuona Mayi Wamtali akubwera yekha, akukankha zikwama, akulephera kundiyang'ana kumaso. Kalata yanu ndiye yafika dzulo, yaifupi ngati chikwangwani cha pamsewu.

Wandiuza zonse. Akuti atafika simunaimirire n'komwe. Munangokhala pampando, chofunda chili pamiyendo, manja ali pansi pake, osamupatsa ngakhale dzanja. Akuti mumayankha mawu amodziamodzi, nkhope mutalozetsa kukhoma. Munthu wasiya abale ake kudzavutikira mwana wathu, inu n'kumulandira ngati wabwera kudzakulandani makina.

Ndiye chifukwa chake akuti mpendero! Amayi, mwasoka moyo wanu wonse. Madiresi aukwati munkamaliza mkwatibwi ataima pakhomo. Lero ngodya zinayi zakukanikani? Musandiyese mwana. Nenani zoona, simukufuna kuti abwere. Mwamuzolowera. Amakudulirani nsalu, amakulowetserani ulusi pasingano, amakutsukirani mbale. Mwapeza wantchito wosalipidwa, ndiye mukumubisa kuseri kwa zigamba. Ndinakusungitsani mwana, sindinakupatseni.

Mukudziwa zimene ndadutsamo kuti mapepala amenewa atuluke? Ndasambitsa amayi a anthu ena, ndawapukuta, ndatukwanidwa ndi anthu amene sakumbukira ngakhale dzina langa, ndikudziuza kuti tsiku lina mwana wanga adzagona chipinda choyandikana ndi changa. Inu mwaziponda zonsezo chifukwa cha nsanza.

Chofunda chanucho khalani nacho. Mwamuna wa Mayi Wamtali akubwera kumeneko mu Sepitembala, ndipo umenewo ndi mwayi womaliza. Mwana akapanda kubwera naye, musadzandilemberenso.

Mayi wa Kabatani


7 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Ine, alamu ako ndi ana tili bwino, koma nkhani imene ndili nayo si yabwino, ndipo sindizungulira.

Amayi ali m'chipatala. Lolemba m'mawa anagwa m'chipinda chosokera, pakati pa makina ndi tebulo lodulira. Kabatani anathamangira kwa mayi wa golosale, iwo n'kunditumizira uthenga kudepoti, basi ndinangoisiyira dalaivala mnzanga. Ndi sitiroko. Mbali yakumanja yafooka, mkono ndi mwendo womwe, ndipo pakamwa papotoka. Akumva zonse, akutizindikira, koma mawu akutuluka movutikira.

Adokotala akuti aka si koyamba. Inayamba yaing'ono mwezi wathawu, ndipo akanabwera nthawi imeneyo mwina sizikanafika apa. Ine mutu unaima. Ndinapitako mu Meyi, ndinawapeza atakhala pampando, chofunda chija chili pamiyendo, ndinkangoti atanganidwa. Anandiuza kuti tiyi ndidzithirire ndekha, ine n'kuseka kuti ukalamba wabwera ndi ulesi. Zoti mwana sanapite anandiuza kuti mwagwirizana nokha, ndisalowerere. Ndafunsa Kabatani kuti chinachitika n'chiyani, akungolira, akuti adzakuuza yekha.

Alamu ako ndi amene akuwadikirira kuchipatala. Kabatani akugona kwathu, koma akaweruka kusukulu amathamangira komweko, sitingamuletse. Makalata ako, poti amafikira kugolosale, ndapempha mayi aja kuti azimupatsa mwanayo, aziwawerengera Amayi. Ulembe mawu olimbikitsa, mlongo wanga. Akangomva dzina lako maso amawala.

Ndine mlongo wako


23 Juni

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Sukulu ikuyenda bwino. Agogo ayamba kumeza chakudya chofewa.

Kalata yanu ya pa 5 Juni ndinalandira ndine. Ndinapita nayo kuchipatala osaitsegula chifukwa Agogo amakonda kung'amba okha envulopu, tsopano amang'amba ndi mano. Ndinayamba kuwerenga mokweza. Nditafika pa wantchito wosalipidwa ndinaima. Ndinayamba kupeka zanga, kuti mukuti kumeneko kwatentha ndipo mukuwafunira zabwino. Agogo anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Werenga."

Ndinati, "Ndikuwerenga, Agogo."

Anati, "Mayi ako salemba zokoma choncho."

Ndiye ndinawerenga yonse mpaka pomaliza. Mayi wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma. Agogo sanalire. Anangoti ndiike kalatayo pansi pa pilo.

Amalume akuti ndikuuzeni zimene zinachitika. Kutatsala masiku ochepa kuti Mayi Wamtali afike, tinali pa mpendero. Agogo anali atasoka mbali yoyamba, atafika pangodya. Anapinda lamba, koma lambayo anawapulumuka m'manja. Anapindanso, anawapulumukanso. Kenako phini inagwa ndipo sankatha kuitola. Anandiyang'ana pakamwa pali pambali, akunena zosamveka. Patapita kanthawi mawu anabwerera, koma dzanja silinabwerere bwino. Anandiletsa kuuza amalume kapena inu. Anati mukamva musiya ntchito n'kubwera, mapepala afa, zaka zonse zija zipita pachabe. Anati ine ndingopita, iwo aona chochita.

Amene anakana ndine. Chikwama chinali cholongedza kale, ndinachimasula. Ndinawauza kuti akandikakamiza ndiuza Mayi Wamtali zonse. Ndiye Agogo anati, "Chabwino, tinamizire chofunda. Mayi ako akwiyire ine, tinazolowerana."

Ine sindine wantchito. Palibe amene amandituma kulowetsa ulusi, ndimachita ndekha chifukwa maso awo saona bowo la singano. Inu simungadziwe chifukwa simukhala kuno.

Mu Sepitembala sindibwera. Makataniwo mubweze kusitolo.

Ndine,
Kabatani


10 Julayi

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Amayi adzuka bwanji? Chonde mundiuze chilichonse, ngakhale chaching'ono.

Kalata yanu inafika yanga yoipa ija itapita kale. Ndinathamangira ku positi ngati kuti angandibwezere. Tsopano yafikanso ya Kabatani, ndipo sindikudziwa kuti nkhope ndiiike pati.

Achimwene, ntchito yanga ndi yomweyi. Tsiku lililonse ndimadyetsa anthu a sitiroko. Anatiphunzitsa kuti tiziyang'ana zinthu zitatu, pakamwa, dzanja ndi mawu. Mayi Wamtali anandiuza zonse zitatu ndi pakamwa pake, kuti dzanja analibisa, nkhope analozetsa kukhoma, mawu amatuluka amodziamodzi. Tonse awiri tinangoona mwano. Kalata ya Amayi ya mu Meyi ija ndaitulutsanso. Zilembo zikutsetserekera kumanja ngati zikugwa pachitunda. Agogo wina wa kuntchito akanalemba choncho, ndikanaitana adokotala nthawi yomweyo. Koma poti ndi mayi anga, ndinatenga cholembera n'kuwatukwana.

Ndapempha kuti ndibwere. Akuti ndikachoka tsopano malo anga apatsa wina, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chinamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Ndikabwera ndiye kuti sindibwereranso, ndipo mapepala a mwana afera pomwepo. Ndikakhala, ndine mwana wotani? Ndagwira njakata.

Ndalembera Amayi kupepesa. Ndalemberanso Kabatani, koma sindikuyembekeza yankho. Muwauze Amayi kuti ngati mwana akufuna kukhala, akhale. Sindilimbananso. Mwina ndi iye amene ali ndi nzeru pa tonsefe.

Ndine mlongo wanu


20 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni. Pepa ndachedwa kuyankha, zinthu zinachuluka.

Amayi anatuluka m'chipatala, ali kwathu, m'chipinda chimene ankagona anyamata. Nyumba ija tabweza kwa eni ake, makina ali pabalaza pathu. Akuyenda pang'ono ndi ndodo, ndipo mawu akumveka ukawazolowera. Dzanja ndiye ayi.

Kalata yako yopepesa alamu ako anawawerengera. Anangoti, "Pakamwa ngati bambo ake." Zimene zinawapsetsa mtima ndi zoti mwana akhale. Anamenya ndodo pansi mpaka makapu analira m'kabati.

Kuyambira tsiku limenelo asintha ndi Kabatani. Anaitanitsa chofunda n'kumuuza kuti amalize yekha mpendero. Akaweruka kusukulu amakhala pa makina, iwo pambali ndi ndodo yawo. Mbali zowongoka wasoka bwino, ine ndi maso anga a dalaivala sindikuonapo vuto. Pangodya ndiye pali nkhondo. Iwo akudziwa mmene lamba amapindidwira, koma dzanja silingasonyeze, ndipo pakamwa sipangafotokoze msanga. Mwana akapinda pamatuluka chotupa ngati bondo. Iwo amangoti, "Masula." Akapindanso, "Masula." Mapeto ake wangosiya lamba ali lende pa ngodya zonse, n'kumadumphira mbali ina.

Lamlungu lapitali zinafika poipa. Kabatani anabwera ndi beseni kuti awasambitse m'manja. Amayi analikankha ndi ndodo, madzi khuthu pansi.

"Ndatopa nawe," anatero. Mawu anatuluka bwinobwino, tonse tinamva.

"Agogo, ndalakwa chiyani?"

"Ndakulera, zakwana. Ndili ndi mpongozi pano. Pita kwa amako."

"Mukunama, Agogo."

"Manja ako ngolemera. Umandipweteka. Sindikukufuna."

Mwana anatola beseni, anakolopa madzi aja, n'kukalowa kuchipinda. Sanadye. M'mawa anandipeza ndikumanga nsapato, anati, "Amalume, muwauze bambo aja, amuna a Mayi Wamtali, kuti ndipita nawo."

Nditalowa kwa Amayi ndinawapeza akuyang'ana kudenga, pilo atanyowa mbali imodzi. Ndinati, "Amayi, zimene munanena zija n'zoona?" Anati, "Tseka chitseko. Ukamuuza, sindiwe mwana wanga."

Ndiye ndikuuza iwe, osati iye. Sindikudziwa ngati tikuchita bwino. Alamu ako sakundiyankhula bwino chifukwa cha nkhani imeneyi. Iwe konzeka, mwana akubwera, koma akubwera ndi bala.

Ndine mlongo wako


14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Mwadzuka bwanji? Mwendo ukuyenda? Alamu, chonde muwawerengere pang'onopang'ono, osadumpha kalikonse.

Mwana anafika bwino. Wandiposa kale msinkhu. Pabwalo la ndege ndinamukumbatira, iye manja ali pa thumba la chofunda, limene akuti anakana kuti liikidwe pamodzi ndi katundu wina. Sukulu wayamba. Amadzuka yekha, amachapa, amakonza m'nyumba, ndipo amandiyankha mwaulemu ngati ndine mphunzitsi wamkulu. "Inde." "Ayi." "Zikomo." Pakamwa pake sipanatulukebe mawu oti Amayi. Za inu safuna kumva. Ndikati tilembere Agogo, akuti ali ndi ntchito ya kusukulu.

Chofunda sakufunda. Anachipinda n'kuchilowetsa pansi pa bedi, akufunda bulangeti la kusitolo. Koma Loweruka ndinaweruka msanga, ndipo ndinamupeza atakhala pansi m'chipinda chake, chofunda atachiyala, maphini ali pakamwa ngati mmene mumachitira inu. Amalimbana ndi ngodya. Atandiona anafuna kubisa, kenako anangolavulira maphini m'dzanja n'kunena kuti, "Sizikutheka."

Ndinagwada, ndinati tiyese awiri. Amayi, mukundidziwa. Nditapinda panatuluka khutu la galu. Anandiyang'ana, anayang'ana khutulo, n'kuseka pang'ono, koyamba chifikireni. Kenako kuseka kuja kunasanduka kulira.

"Anati manja anga ngolemera," anatero. "Zaka zonsezi ndimawapweteka, osandiuza?"

Ndinatsala pang'ono kumuuza zonse zimene achimwene anandilembera. Ndinadzigwira. Ndinangomusisita kumsana, ndipo sanandikankhe. Koma sindikudziwa kuti ndidzigwira mpaka liti. Mwana akudzuka ndi mawu amenewa, akugona nawo. Ndiloleni ndimuuze.

Pepani kachiwiri chifukwa cha kalata ija. Ndikudziwa kuti munandikhululukira, koma ine sindinadzikhululukire.

Ndipo ndikupempha chimene ndinkachithawa muli ndi mphamvu. Ndiphunzitseni ngodya. Telala wa mumsewu wathu anati tipite nacho achite ndi makina ake, koma mwana wakana kuti munthu wina achikhudze. Kuno kwayamba kuzizira.

Ndine mwana wanu,
Mayi wa Kabatani


5 Novembala

Alamu,

Moni kuchokera kwa tonse. Akulemba ndine mlamu wanu, koma mawu ndi a Amayi. Tatenga masiku angapo chifukwa amatopa msanga, ndipo pamene sindinamve ndawafunsanso. Akuti:

"Mwana wanga, moni. Za kupepesa zatha, usabwerezenso, zikunditopetsa.

"Tamvera. Masulani kaye ulusi pafupi ndi ngodya kuti lamba amasuke. Yambani kutsogolo kwa chofunda. Poti mulibe makina, sokani ndi manja, mubwereze kawiri. Mukatsala pang'ono kufika kumapeto, mpata wokwana kachala kakang'ono, imani, mangani ulusi. Osafika kumapeto. Apa ndi pamene mwana amalakwitsa, amathamanga. Kenako tengani lamba mumupindire m'mwamba, kutali ndi chofunda, mpaka papangike mzere wopingasa wolunjika pansonga pa ngodya. Dindani ndi chala. Chala chili pomwepo, mubwezereni pansi kuti agone motsatira mbali inayo. Bayani phini. Yambani kusoka kuchokera pamwamba penipeni. Mukatembenuza chofunda, pindani mbali imodzi kaye, kenako inayo pamwamba pake, ngati mukutseka envulopu. Timisoko ting'onoting'ono, ulusi usaoneke.

"Iwe uzigwira, iye azisoka. Singano usaikhudze, ungawononge.

"Manja ake si olemera. Ndi abwino kuposa anga ndili msinkhu wake. Koma usamuuze tsopano. Akamva lero, mawa ayamba kulongedza, ndipo ine ndilibe mphamvu zomuthamangitsa kachiwiri. Adutse kaye nyengo yozizira, apeze anzake, akuzolowere. Ukadzaona kuti wayamba kukuyankha mwano, ndiye kuti wafika. Pamenepo umuuze.

"Chatsala chimodzi. Ngodya zikatha, nsonga ziwiri za lamba ziyenera kukumana, ndipo pali kalumikizidwe kake koti pasatupe. Kameneko sindikuuza iwe. Akakafuna, alembe yekha. Ngakhale mzere umodzi, ngakhale wopanda moni."

Mawu awo athera pamenepa. Kansalu kamene kali m'envulopumu ndi chitsanzo cha ngodya. Apinda okha ndi dzanja lamanzere, akuthandizira ndi chibwano, ine ndangosita.

Alamu, ndionjezeko zanga. Amayi sakudya bwino, ndipo adokotala sakukondwa ndi kuthamanga kwa magazi awo. Achimwene anu sanafune kuti ndikuuzeni, koma ine ndaona kuti kubisa kwatipweteka mokwanira m'banja muno. Zoti mudikire nyengo yozizira ithe, inu ndi amene muli ndi mwanayo, muone nokha.

Ndisanamate envulopu andifunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti kalata ipite ndi yankho libwere. Ndati mwina mwezi. Iwo akuti, "Mwezi ndikwanitsa."

Ndiye chonde, ngodyazo musazichedwetse.

Ndine mlamu wanu